Za Nsapato za Gogoda

Kapena ena mwa inu adzadabwa poona kuti mphunzitsi amene imvi zayamba kumtuluka watenga cholembera mwezi uno kuti alembe za nsapato za akazi, ndipo adzati, Kodi nkhani zatha? Tikupemphani kuti mutilezere mtima kufikira kumapeto, pakuti chotilembetsa ndi chinthu chimene chinagwa m'nyumba mwathu momwe, chimene chinatichititsa manyazi ndi kutiphunzitsa nzeru pa nthawi imodzi. Nsapato zimene tinena ndizo zija zazitali kuchidendene, zimene anthu anazitcha za gogoda, popeza mwini wake poyenda pa simenti amveka ngati mlendo wogogoda pakhomo.

Ife tinakula opanda nsapato. Tinapita kusukulu ya kumudzi ndi mapazi athu omwewa, m'mame ozizira a June ndi mumchenga wotentha wa October, ndipo adani athu anali minga, matekenya ndi ming'alu ya kuchidendene. Nsapato zoyamba tinazilandira titasankhidwa kupita ku sekondale, ndipo tikumbukira kuti paulendowo tinamanga zingwe zake pamodzi ndi kuzikoloweka m'khosi, kuopa kuti zingathe tisanafike. Pamene tinalowa sukulu ya uphunzitsi anatilangiza kuti mphunzitsi avale zaudongo ndi zosakopa maso, kuti ana ayang'ane pa bolodi, asayang'ane pa iye. Potero tinakula ndi mtima wakuti nsapato ndi chida monga khasu, ntchito yake ndi kutchinjiriza phazi basi, ndipo zoposa apo ndi matama. Mtima umenewu tinalowa nawo m'banja, ndipo tinaika lamulo lakuti za gogoda zisaponde pakhomo pathu.

M'chaka cha 2023 mwana wathu wamkazi woyamba, amene pa nthawiyo anali kuphunzira uphunzitsi iyenso, anasankhidwa kukhala mmodzi wa anamwali 6 operekeza mkwatibwi pa ukwati wa msuweni wake. Eni ukwati anapangana kuti operekeza onse avale zofanana kuyambira kumutu kufikira kuphazi. Mwanayo, podziwa lamulo la atate wake, sanatiuze kanthu. Anapita yekha kumsika m'mamawa, nagula za gogoda pa kaunjika mofulumira, naziyesa phazi limodzi ali chikhalire, nazibisa pansi pa sutikesi milungu itatu. Anazivala koyamba m'mawa wa tsiku la ukwati. Polowa m'tchalitchi anayenda bwino ndithu, pakuti anagwira mkono wa mnyamata woperekeza mnzake. Koma potuluka, pa makwerero atatu a pakhomo, nthungululu zili kulira ndi anthu ali kukankhana, chidendene cha nsapato ya kumanja chinaterereka, phazi linapindika, ndipo anagwa pamaso pa khamu lonse.

Anadzuka msanga akuseka, monga achita onse ogwidwa ndi manyazi, napirira tsiku lonse, navinanso pa perekaniperekani kuti anthu asamuyese wolobodoka. Usiku azakhali ake anamthowa ndi madzi otentha, namsisita ndi mphamvu, poyesa kuti amthandiza. Kutacha kakolo anali atatupa ngati dzungu. Tinamtengera kuchipatala pa njinga, ndipo atamjambula anapeza kuti fupa silinathyoke, koma mitsempha yomanga kakolo chakunja inang'ambika. Inatha milungu 6 asanayende bwino. Ndipo imeneyo ndiyo inali nthawi yoti ayambe kuyesera kuphunzitsa pa sukulu ya kutali ndi malo ake ogona, kotero kuti anzake anayamba iye ali gone pamphasa, ndipo panatsala pang'ono kuti chaka chonse chimtayike.

Pobwera kuchipatala ife tinayamba ulaliki wathu, tikukankha njingayo. Tinati, "Suja ndinanena ine? Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada." Mwanayo anakhala chete kufikira titawoloka mtsinje, ndipo pamenepo anayankha ndi mawu apansi, nati, "Bambo, mwanena zoona, ndinalakwa pobisa. Koma anzanga asanu aja anavala zomwezo ndipo palibe anagwa, chifukwa iwo anayesera kwawo milungu yonse itatu, amayi awo akuwaonerera. Nanga ine ndikadayesera kuti?" Sitinapeze choyankha, ndipo tinayenda mtunda wotsalawo osanena kanthu. Tinaona tsopano kuti lamulo lathu silinatsekereze nsapato, pakuti nsapato zinalowa ndithu ndi kugona m'nyumba mwathu milungu itatu. Chimene tinatsekereza ndi kuphunzira, ndiponso pakamwa pa mwana. Mphunzitsi wa zaka zoposa 20 anagwa pa mayeso a m'nyumba yake yomwe.

Tsono tinachita chimene tiuza ana a sukulu masiku onse, ndicho kufunsa, pakuti safunsa anadya phula. Tinawerenga m'mabuku, tinacheza ndi namwino amene anamanga mwendo wa mwana wathu, ndipo tinakhala madzulo angapo pa benchi la mkulu wina wosoka nsapato pansi pa mtengo wa mango kumsika kwathu. Zimene tinatola kumeneko ndizo tifuna kugawana nanu.

Chimene chinatidabwitsa poyamba ndi chakuti nsapato za chidendene chachitali sizinayambe ndi akazi. Anayamba nazo ndi asilikali okwera pa akavalo a dziko la Persia, limene lero litchedwa Iran. Pakuti munthu wofuna kuponya muvi ali pa kavalo wothamanga ayenera kuimirira pa zitsulo zopondapo, ndipo chidendene cha nsapato ndicho chinakola pa chitsulocho kuti phazi lisapulumuke. M'chaka cha 1599 mfumu yawo, Shah Abbas, inatumiza akazembe ku Ulaya, ndipo m'zaka zomwezo akuluakulu a kumeneko anayamba kuvala zidendene zazitali monga chizindikiro cha umuna ndi ulemerero. Louis XIV, mfumu ya France imene inakhala pampando kuyambira 1643 kufikira 1715, inakonda za chidendene chofiira, ndipo chithunzi chake chimene anajambula Hyacinthe Rigaud mu 1701 chimuonetsa atavala zimenezo. Ku Venice akazi olemera anavala nsapato zonga timipando, zotchedwa chopine, zina zofika masentimita 50, kotero kuti sanakhoze kuyenda popanda antchito owagwiriziza. Nsapato yotere inali kulalikira kuti, Taonani, ine sindilima, sinditunga madzi, sindiyenda ulendo.

Pambuyo pake amuna anazisiya, zinatsalira akazi. Chidendene chowonda ngati msomali chija chinafala chitapita chaka cha 1950, pamene amisiri anaphunzira kulowetsa kachitsulo m'kati mwake kuti chisathyoke. Anachitcha stiletto, ndilo dzina la kampeni kowonda ka ku Italy, ndipo mmodzi wa amisiri otchuka nacho anali Roger Vivier, amene anasokera nsapato nyumba ya zovala ya Christian Dior ku Paris. Pa mbiri yonseyi ife titengapo phunziro limodzi: nsapato iyi inapangidwira pa kavalo ndi pa mabwalo osalala a nyumba za mafumu. Amene aitengera pa njira ya miyala, pa makwerero a minibasi ndi m'matope a January ayenera kuwonjezapo nzeru zake, popeza woipangayo sanaganizire za njira zathu.

Tiyeni tione tsono chimene chichitika m'phazi. Phazi limodzi lili ndi mafupa 26, ndipo lalikulu koposa onse ndilo la chidendene, limene lili ndi katsamiro ka mafuta pansi pake, popeza ndilo liyamba kugunda pansi poyenda. Munthu akaima wopanda nsapato, kulemera kwa thupi kugawika pakati pa chidendene ndi kutsogolo kwa phazi. Koma mukakweza chidendene, phazi likhala ngati laima pa chitunda chotsetsereka, ndipo kulemera kutsikira kutsogolo, pa nsonga za timafupa tisanu pamene zala ziyambira. Chidendene chikatalikirapo, katundu wa timafupa timeneto achulukirapo. Zala zikankhidwira m'nsonga yopanikiza, ndipo apo ndipo pachokera matuza, zikundu, zikhadabo zolowa m'mnofu, ndi moto uja umveka pansi pa zala dzuwa likapendeka. Kupindika kwa chala chachikulu, kumene kutulutsa fupa pambali, kawirikawiri ndi kwa kumtundu. Koma nsapato yopanikiza ikufulumiza ndi kukuwawitsa. Maondo nawo sawongoka bwino, ndipo msana wa m'munsi ugwira ntchito yoposa muyeso kuti mutu ukhale pamwamba pa mapazi.

Za kakolo namwino anatifotokozera motere. Fupa lokhala pakati pa kakolo ndi lotakata kutsogolo, lowonda kumbuyo. Phazi likaponda lonse pansi, mbali yotakata ilowa pakati pa mafupa awiri a mwendo ndi kukhazikika ngati khasu mu mpini wake. Koma zala zikaloza pansi, monga zichita mu za gogoda, mbali yowonda ndiyo ikhala pamalopo, ndipo fupa ligwedera ngati khasu lokhwepa. Pamenepo kamwala kamodzi kapena mphepete ya sitepe ikwanira kupinda phazi, ndipo mitsempha ya chakunja, imene ili yofooka kuposa ya chamkati, ndiyo iyamba kung'ambika. Anatinso kakolo amene wabinya kamodzi sachedwa kubinyanso, ngati mwini wake samlimbitsa ndi kumzoloweza.

Ife aphunzitsi sitikhulupirira chinthu tisanachiwerengere, chifukwa chake tinapatsa ana a Sitandade 8 samu iyi. Mayi wolemera makilogalamu 60 aponda pansi ndi chidendene cha nsapato wamba, cha masentimita 6 m'litali ndi 5 m'lifupi, ndiwo timabwalo 30. Kabwalo kalikonse kasenza makilogalamu 2. Mayi yemweyo aponda ndi nsonga ya gogoda ya sentimita imodzi mbali zonse, ndiko kabwalo kamodzi. Kabwaloko kasenza makilogalamu onse 60, ndiko kuwirikiza ka 30. Ana anaseka, koma anamva chifukwa chake nsapato zotere zimira m'kapinga ndi kuboola mphasa. Boma la Greece linadziwa samu yomweyi, ndipo mu 2009 linaletsa kuzivala m'mabwinja ake akale, kuti zingakumbe miyala imene yakhala zaka zikwi.

Anzeru a m'masukulu aakulu afufuzanso nkhaniyi. Mu 2010 ofufuza a ku Manchester anayeza miyendo ya akazi amene anavala zidendene zazitali pafupifupi masiku onse kwa zaka ziwiri kapena kuposa, napeza kuti timinofu ta akatumba awo tinafupika ndi magawo 13 pa 100 poyerekeza ndi akazi ena, ndipo mtsempha waukulu wa kumbuyo kwa chidendene unanenepa ndi kuuma. Ndicho chifukwa chake mayi wozolowera za gogoda amva kuwawa tsiku limene avala zafulati. Mu 2015 a University of Alabama at Birmingham anawerengera kuti pakati pa 2002 ndi 2012 zipatala za ku America zinalandira anthu ngati 123,355 ovulala ndi nsapato zotere, ndipo pafupifupi theka la iwo anavulalira kunyumba. Ichi tichitchula kuti wina angayese kuti ngozi ikhala kumsewu kokha.

Nanga pamenepa tinene kuti zitayidwe? Iyayi. Akazi adzavalabe pa maukwati, pa tsiku lolandira masatifiketi ndi m'maofesi, ndipo ife amene tinayesa kuletsa taona chimene kuletsa kubala. Tivomerenso kuti mwana wathu anakongola tsiku lija asanagwe, ndipo kufuna kukongola pa tsiku la chimwemwe si mlandu. Chofunika ndi chakuti walira mvula adziwe kuti waliranso matope, ndipo akonzeretu poponda. Imvani tsono, inu amayi ndi asungwana, ndi inunso amuna amene mupereka ndalama yake.

Choyamba ndi kugula. Gulani madzulo, pakuti mapazi atupa pang'ono ndi kuyenda kwa tsiku, ndipo nsapato yokwana m'mamawa ipana dzuwa likapendeka. Yesani mapazi onse awiri muli chilili, popeza anthu ambiri ali ndi phazi limodzi lokulirapo, ndipo mugule molingana ndi lalikululo. Musanachoke kunyumba, pondani pa pepala, wina alembe mzere ndi pensulo kuzungulira phazi lanu. Kumsika ikani nsapato pa chithunzicho, ndipo ngati mzere utulukira kunja kwa nsapato, isiyeni, ngakhale wogulitsa alumbire kuti idzatamuka. Chikopa chenicheni chitamuka pang'ono m'lifupi, koma palibe nsapato itamuka m'litali, ndipo za pulasitiki sizitamuka konse. Yaikulu nayo ndi yoipa, pakuti phazi litsetserekera kutsogolo ndi zala zitopa ndi kukakamira. Wophunzira ayambe ndi chidendene chosapitirira masentimita 5, chonenepa, pa nsapato ya lamba womanga pakakolo kapena pamwamba pa phazi, ndi ya malo okwanira kugwedeza zala. Dziwaninso kuti chovuta phazi ndi kutsetsereka kwake: nsapato ya chidendene cha masentimita 9 yokhala ndi pansi pochindikala masentimita 2 kutsogolo itsetsereka masentimita 7 okha, komatu pansi pakachindikala kwambiri phazi silimva nthaka, ndipo wogwa agwa kuchokera patali.

Za pa kaunjika mkulu wosoka nsapato uja anatiphunzitsa mayeso ake. Anatenga nsapato ya mwana wathu imene inamgwetsa, naiika pa thabwa losalala, naikankha pang'ono ndi chala, ndipo inagwedezeka ngati munthu woledzera. Anaitembenuza, natisonyeza kuti kamphira ka kunsonga ya chidendene kanatha, msomali wa chitsulo uli poyera. Nati, "Aphunzitsi, chitsulo pa simenti yopukutidwa ndi chimodzimodzi therere. Mwana wanu akadabwera nayo kwa ine, ndikadaika kamphira kena iye ali chiimire pompo, pa mtengo wosafika wa botolo la zakumwa." Chotero ikani nsapato pamalo osalala, muione chakumbuyo ngati chidendene chili chilili, muigwedeze, muipinde pakati, yabwino ipindika pa zala pokha, pakati pake ndi polimba. Ngati mwini wake woyamba anaidya mbali imodzi, idzakupendeketsani inunso monga inampendeketsa iye. Yatsopano ya m'sitolo nayo iterera, chifukwa chake ikwecheni pansi pake pa mwala wokhakhala, kapena wosoka amatepo mphira wopyapyala.

Chachiwiri ndi kuyesera. Musavale nsapato koyamba pa tsiku la mwambo. Yambani milungu iwiri kapena itatu lisanafike, mphindi 10 kapena 15 tsiku loyamba, ndi kuwonjezera pang'onopang'ono, muli pafupi ndi khoma logwira, manja opanda katundu. Pamene pafiira pakhungu ndi pamene padzatuluka thuza, tsono matanipo pulasitala thuzalo lisanabadwe. Poyenda fupikitsani mapazi, chidendene chiyambe kugunda ndi zala zitsatire. Imikani msana monga muchita posenza mtsuko, maso kutsogolo, osathamanga. Pokwera makwerero pondani ndi kutsogolo kwa phazi. Potsika, pamene pali ngozi yaikulu, pendekerani pang'ono chammbali, phazi lonse likhale pa sitepe, ndipo dzanja ligwire chitsulo kapena mkono wa mnzanu. Pa kapinga ndi pa mchenga tsamirani pa zala, ndipo ngati mtunda uli wautali vulani, palibe manyazi.

Chachitatu ndi tsiku lenilenilo. Za gogoda zikhale m'chikwama, ndipo ulendo muyende ndi zafulati. Muzivale pakhomo pa tchalitchi kapena pa ofesi, ndi kuzivula potuluka. Musakwere nazo kabaza, pakuti chidendene chikhoza kulowa m'masipoko. Musayendetse nazo galimoto, pakuti chikola pansi pamene phazi lifuna kuponda buleki. Musabereke nazo mwana, kapena kusenza nazo ndowa, kapena kuphika nazo pa moto, chifukwa pamenepo wogwa sagwa yekha. Pokhala pansi tulutsani mapazi pansi pa tebulo, mutambasule zala. Amene ayenera kuvala kuntchito asinthanitse masiku, lero zazitali, mawa zazifupi, kuti akatumba asazolowere kufupika. Madzulo imani moyang'ana khoma, manja pakhoma, mwendo umodzi kumbuyo uli wowongoka ndi chidendene chili pansi, muweramire kutsogolo kufikira katumba akoka, muwerenge mpaka 30, ndi kusintha mwendo. Pambuyo pake gubuduzani chitsononkho kapena botolo pansi pa phazi, ndipo muyende pang'ono opanda nsapato pamalo oyera.

Alipo ena amene tiwapempha kuti azisiye ndithu. Oyamba ndi odwala matenda a shuga, pakuti nthendayi ichititsa dzanzi m'mapazi, kotero kuti munthu samva thuza, ndipo thuza la wodwala shuga likhoza kusanduka chilonda chosapola chimene chidyetsa mwendo wonse. Ena ndi amayi oyembekezera, popeza mitsempha yawo ifewa ndi thupi lilemera chakutsogolo. Ndiponso okalamba, odwala maondo, ndi amene kakolo wawo sanapoletu. Asungwana aang'ono amene mafupa awo akali kukula asawafulumizire. Nthawi yawo idzafika.

Ngozi ikagwa, musachite monga tinachita ife. Wobinyayo avule nsapato pomwepo, aleke kuvina, akhale pansi ndi kukweza mwendo pa mpando. Ikanipo nsalu ya madzi ozizira, kapena ayezi wokulunga m'nsalu, mphindi 15 kapena 20, kangapo pa tsiku, ndi kumanga bandeji mosathina kwambiri. Kuthowa ndi madzi otentha ndi kusisita pa masiku awiri oyamba kuwonjezera kutupa. Azakhali a mwana wathu anachita mwa chikondi, koma chikondi chosadziwa chinatalikitsa nthenda. Ngati munthu sakhoza kuponda ngakhale mapazi anayi, kapena fupa lenilenilo lipweteka polikhudza, kapena phazi lapotoka kapena lachita dzanzi, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Pali mbali inanso imene sitifuna kuisiya. Monga atate alakwa poletsa mwana wamkulu popanda kumphunzitsa, momwemonso alakwa bwana wokakamiza. Mu December 2015, ku London, mayi wina dzina lake Nicola Thorp anabwezedwa kuntchito yolandira alendo chifukwa anakana kuvala zidendene zazitali tsiku lonse. Anasonkhanitsa maina oposa 150,000, ndipo nyumba ya malamulo ya Britain inakambirana nkhaniyo mu March 2017. Chaka chomwecho chigawo cha British Columbia ku Canada ndi dziko la Philippines analetsa olemba ntchito kukakamiza akazi kuvala zotere. Ndipo mu 2019 Yumi Ishikawa anayambitsa dandaulo longa lomwelo ku Japan. Ife tiona kuti akaziwa analondola. Wopereka zakudya, wolandira alendo ndi wogulitsa m'sitolo aima maola 8 kapena kuposa, ndipo mapazi amene adzawawa pa ukalamba ndi awo, si a bwana ayi. Eni maukwati nawonso aganizire ichi popangana za operekeza: mtundu wa nsapato ufanane, koma msinkhu wa chidendene asankhe mwini phazi.

Titsirize ndi kumene tinayambira. Chaka chotsatira, cha 2024, unafika ukwati wa mwana wathu mwini. Pamene ankhoswe anatha kupangana za tsiku, tinamuitana pamaso pa amayi ake, tinati, "Mwana wanga, za kuphazi waganiza zotani?" Anayang'ana pansi, nati, "Ndidzavala zafulati, Bambo." Tinati, "Kodi ndizo ufuna, kapena ndizo uyesa kuti ndifuna ine?" Anaseka, ndipo amayi ake anaseka naye. Loweruka lotsatira, dzuwa litapendeka, tinapita kumsika tonse atatu ndi pepala la chithunzi cha phazi m'thumba, ndipo tinasankha za chidendene chonenepa cha masentimita 5, za lamba pakakolo. Mkulu uja anaziika pa thabwa lake, nazikankha ndi chala, nagwedeza mutu movomera. Milungu itatu, ana atawerukira, mwanayo anayenda uku ndi uku pa khonde la sukulu, nakwera ndi kutsika makwerero ake, atagwira mkono wa atate wake amene kale anaika lamulo lija. Aphunzitsi anzathu anatiseka, ndipo sitinawakwiyire.

Pa tsiku la ukwati anatsika makwerero atatu omwe aja chammbali, pang'onopang'ono, dzanja lili pa mkono wa mwamuna wake, ndipo ife tinapuma mpweya umene tinausunga chaka chathunthu. Pofika nthawi ya magule anasintha, navala zafulati zimene amayi ake anasunga m'chikwama, navina kufikira dzuwa litalowa. Nsapato yakale ija, ya msomali woonekera, tinaipempha kwa iye, ndipo ili m'kabati ya kalasi lathu. Tiitulutsa chaka ndi chaka pophunzitsa samu ya timabwalo.

Inu atate ndi amayi anzathu, ngati m'nyumba mwanu muli msungwana wosinkhuka, kapena pansi pa sutikesi yake pali kanthu kamene aopa kukuonetsani. Mfunseni ndi nkhope yabwino usiku uno, ndipo ngati zili nsapato, mupite nazo kwa wosoka mawa lomwe. Tsalani bwino kufikira mwezi wa mawa.

Ndife anu,
Mphunzitsi wa kumudzi.